Chigayo Changa ndi Apelito Atatu

Ndinalandidwa chigayo. Motolo wa pisitoni imodzi, mphero yake, lamba watsopano amene anali asanathe mwezi, malata makumi atatu ndi anayi, sikelo, ndi mgolo wa mafuta wodzaza theka. Zonse zinapita tsiku limodzi, Lamulungu, dzuwa lili paliwombo. Shikola, maphunziro anga, ndinali nditalandidwa kale chifukwa cha chigayo chomwecho, ndiye musandifunse kuti ndinatsala ndi chiyani.

Chigayocho chinali cha mzungu wa loja, sitolo ya kwathu, m'mbali mwa njira yochokera ku Fingoe kupita ku Chiputo. Ufulu utabwera mzunguyo anamanga katundu. Bambo anga anagulitsa ng'ombe zisanu ndi imodzi n'kugula chigayo, ndipo pamodzi ndi makiyi analandira pepala la seguro. Mzunguyo anawafotokozera mwachangu galimoto ikulira kale: chaka chilichonse mumapereka kandalama ku kampani ya ku Tete, ndiye chigayo chikadzapsa kampaniyo idzakupatsani zogulira china. Bambo sanakhulupirire. Koma ankaopa pepala kuposa mkango, choncho tikangokolola ankakwera lole kukalipira.

Papepalapo analembetsa dzina langa. Ankadziwa za kwathu, kuti mwamuna akamwalira chuma chake chimatsata ana a mlongo wake, ana ake enieni n'kutsala akungoyang'ana. Anati pepala la mzungu silidziwa mwambo umenewo.

Anamwalira ndi chifuwa ine ndili kalasi yachisanu ndi chiwiri ku Tete. Ndinabwera kumaliro ndi buku la masamu m'thumba, poganiza kuti ndibwerera Lolemba. Sindinabwererenso. Wodziwa kuliza motolo ndinali ine ndekha, ndipo ufa sudikira munthu amalize kuphunzira. Seguro ndinapitiriza kulipira, osaphonya chaka.

Nthawi imeneyo nkhondo tinkangoimva. Inali itafika kumsewu waukulu, magalimoto ankayenda pa koluna, asilikali patsogolo ndi pambuyo, koma m'mudzi mwathu mfuti inali isanalire. Chigayo choyenda m'dera lonselo chinali changa chokha. Ndinkagayira amayi a m'midzi isanu, ndinkagayiranso asilikali, ndipo mafuta ndinkalandira kuboma chifukwa cha ufa wa asilikaliwo.

Pambali pa chigayo panali chisakasa cha udzu pomwe amayi ankadikira, ndipo mgolo wa mafuta unkakhala kumapeto kwake. Njuchi zinamanga pamtanda wa chisakasacho. Zinaluma amayi awiri ndi bulu. Ndinati ndidzaziona mvula ikagwa. Amalume anga, mlongo wawo wa mayi anga, anati iwo njuchi anazidziwa asanamere mano. Ndinawakaniza. Lamulungu lija, anthu ali kutchalitchi, ine ndili kumtsinje kutunga madzi oziziritsira motolo, iwo anabwera ndi muuni wa udzu ndi beseni. Unali mwezi wotentha uja, udzu ukamayaka ndi kungouyang'ana.

Kuphulika kwa mgolo ndinakumva ndili kumtsinje. Pofika ndinapeza malata akupindika ngati masamba a nthochi, amalume atakhala pachulu, nsidze zitapserera, mlomo utatupa, beseni lili m'manja. M'besenimo munalibe ngakhale chisa chimodzi.

Ndikanawamenya, koma amayi anga anandikoka malaya mpaka m'nyumba. Amalumewa nthawi ya azungu anali sipayo, mmodzi wa aja ankatolera msonkho ndi chikoti. Ufulu utabwera anaimikidwa pamsonkhano kuti aulule zonse, ndipo dzina lawo linatsala m'buku la anthu okayikitsa. Munthu wotere akawotcha chigayo chogayira asilikali pamodzi ndi mafuta a boma, za njuchi palibe akanazimva. Akanati ndi dala, watumidwa ndi a m'tchire aja olimbana ndi boma. Otengedwa pa mlandu umenewo sitinkawaonanso.

"Ukalembe kuti ndi a m'tchire," anatero amayi.

"A m'tchire ati, amayi? Mudzi wonse waona."

"Mudzi wonse unali kutchalitchi."

"Mudzi wonse uli ndi pakamwa."

"Mudzi wonse ndi abale ake. Wodziwa Chipwitikizi pano ndiwe. Lemba."

Ndinalemba. Ndinati anthu anayi a mfuti anatulukira kumadzulo, anayatsa moto n'kubwerera m'tchire. Ndinawaveka ndi zipewa zomwe, chifukwa kushikola ndinkakhoza kulemba nkhani. Sekeletalyo wa mudzi anawerenga osandiyang'ana, anauzira mpweya pa kalimbo kake, kachidindo ka ofesi, n'kudinda. Pepala lina linapita kuboma. Lina ndinalitumiza ku kampani ya seguro pamodzi ndi kalata yopempha ndalama zanga. Mtima unali m'malo. Moto ndi moto, ndinatero.

Yankho linabwera lalifupi: musakhudze kanthu, tikutumiza pelito, munthu woyeza zowonongeka. Kwathu nyumba ikapsa, m'mawa mwake anthu amabwera ndi makasu ndi matsache, phulusa silichedwa pabwalo. Anabweradi. Ndinawabweza onse yankholo lisanafike n'komwe, poopa kuti kampani ingafune kudzaona. Ndinazinga bwinjalo ndi minga n'kumalilondera, anthu n'kumati mwana wa malemu wapenga, akuweta makala.

Pelito anafika patatha miyezi iwiri. Anali wowonda, wa malaya oyera amene fumbi la koluna linawasandutsa ofiira, atanyamula tepi yoyezera ndi buku lakuda. Ndinkamutsata paliponse. Ndinali ndisanaonepo munthu amene ntchito yake ndi kuika mtengo pa zinthu zakufa, ndipo ndinkafuna kudziwa kuti amayambira pati. Anayambira pa khoma. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, anawerenga malata kawiri, kenaka anagwada pa motolo.

"Ngwa zaka zingati ameneyu, kamarada?"

"Sindidziwa. Anali wa mzungu."

Analavulira pakachitsulo kolembedwa m'mbali mwa motolo n'kupukuta ndi chala. "Zaka khumi ndi zinayi. Ndiye kuti ndi mtembo."

"Wakhala mtembo moto utamuwotcha."

"Ayi, anali mtembo kale. M'buku mwathu chitsulo chimataya gawo limodzi mwa magawo khumi chaka chilichonse. Chikakwanitsa zaka khumi, chatha."

"Koma ankagaya matumba makumi awiri patsiku."

"Ankagaya ali wakufa."

Ndinapsa mtima, komabe ndinafuna kumva zambiri. Ndinafunsa kuti anayamba ndani kuwerenga motero. Sanadziwe. Ndinafunsa ngati khasu nalonso limafa pa zaka khumi. Anati khasu lilibe seguro. Ndiye ndinafunsa chimene chinkandiwawa.

"Nanga bwanji chaka chilichonse mumalandira ndalama za mtembo? Zimene ndimalipirazo sizinatsikepo ndi gawo limodzi."

Apa m'pamene anandiyang'ana koyamba. "Unafika kalasi yanji?"

"Yachisanu ndi chiwiri."

"Zikuoneka. Funso limenelo si la meza yanga, tebulo langa ndi lina. Ine ndine wa tepi."

Pepala la bambo linkanena makonto mazana anayi. Konto imodzi ndi metikali chikwi. Iye analemba makonto makumi asanu ndi anayi kudza asanu, n'kundipatsa cholembera. Ndinachibweza. Sanakwiye, ankaoneka ngati anazolowera.

"Ukakana pali njira," anatero. "Kampani ili ndi pelito wake, ndine. Iwe upeze wako. Awirife tisankhe wachitatu. Awiri mwa atatuwo akagwirizana pa nambala, nambalayo yamanga."

"Ndiye ankhoswe."

"Utchule mmene ungafunire. Koma wako umulipira wekha, wachitatu tilipira theka theka. Ndiponso asakhale m'bale wako, kapena wodya nawe m'chigayomu."

Zimenezi zinandizunguza masiku angapo. Kwathu wokulankhulira pamlandu amakhala wamagazi ako, mlendo angakulankhulire chiyani? Kuno ayi, amafuna munthu amene ukaluza agona tulo bwinobwino. Ndinkaganiza kuti ndi uchitsiru, mpaka amalume atabwera kudzadzipereka.

"Undilembe ine," anatero, nsidze zitayamba kumera. "Mwini mbumba ndine. Komanso palibe anauona bwino moto umenewu kuposa ine."

"Zoona, amalume. Munauona usanayake."

"Usandinyoze, iwe mwana."

"Akuti m'bale ayi."

"Ndiye munthu wosakudziwa akumvera chisoni bwanji?"

"Safuna chisoni. Amafuna nambala."

Anapukusa mutu n'kunena kuti dziko latha. Ine apo m'pamene ndinayamba kuona kuti lamulolo lili ndi nzeru.

Ndinasankha mekaniko wa ku Fingoe, munthu wonenepa wolankhula mokuwa, amene ankakonza mipope, njinga ndi chilichonse chokhala ndi nati. Kampani inamukana, akuti anakonzapo motolo wanga, ndiye timadziwana. Ndinayankha kuti m'dera lonse la Maravia mekaniko ndi yekhayo, ndipo palibe chitsulo chimene sanachigwirepo. Kalata iliyonse inkadikira milungu itatu kuti ipite, itatu kuti ibwere, koluna ikapanda kuomberedwa. Anamuvomera mvula itayamba. Njira inatsekeka. Ndinafolera motolo ndi nthambi n'kumadikira. M'phulusa munamera maungu onenepa amene sindinawaonepo. Ndinaletsa kuthyola. Amayi ankathyola nkhwani ndikachokapo, n'kumandipatsa ndiwo zomwezo osanena kanthu.

Pa wachitatu anakangana dzinja lonse. Wa kampani ankafuna mnzake wa muofesi. Mekaniko ankafuna mlamu wake. Aliyense ankakana wa mnzake pa chifukwa chomwe akanakanira wakewake. Pomaliza anagwirizana za mkulu wina amene kale ankayeza milatho ndi misewu, wopuma ntchito, wogontha khutu limodzi. Onse awiri ankadana naye, ndiye onse anamukhulupirira. Mekaniko ndinamupatsa mbuzi. Mkuluyo, theka langa, ndinamupatsa chitini cha mtedza ndi nkhuku ziwiri.

Anabwera onse atatu njira itauma, mkulu uja ali pambuyo pa njinga ya mekaniko. Mudzi wonse unadzaonerera. Sekeletalyo anabwereketsa meza yake, inaikidwa pansi pa mtengo.

Anayamba ndi malata. Wa kampani anati khumi ndi awiri angawongoledwe. Mekaniko anatola limodzi mwa amenewo, analowetsa chala pakati n'kuchitulutsira kuseri.

"Ili mukafolere nalo kwanu, achimwene. Muziona nyenyezi muli gone."

"Ndanena khumi ndi awiri, sindinati onse."

"Sankhani nokha khumi ndi awiriwo. Chala changa chilipo."

Mkulu uja analemba. Kenaka anafika pa motolo, pamene panali mkangano weniweni. Wa kampani anatsegula buku la mitengo ya boma. Mekaniko anaseka mpaka kukhosomola.

"Mtengo umenewo ndi wa loja iti? Nditengereni kumeneko lero, ndikagule awiri. Mu Tete monse mulibe motolo. Wofuna motolo amagula kwa a kandonga, ogulitsa mobisa aja, mtengo kasanu."

"Kandonga ndi mlandu. Sindingalembe mtengo wa mlandu."

"Ndiye lembani mtengo wa bodza."

Mkuluyo anatembenuza khutu lakumva. "Ndikufunseni nonse," anatero. "Mtengo wa chinthu chimene kulibe ndi wotani?"

Ine funso limenelo ndimaliganizabe. Iye analithetsa mwa njira yake. Anauza mekaniko kuti amasule motolo pomwepo, chitsulo chilichonse pachokha, n'kumafunsa kuti ichi chafa kapena chadwala. Chakufa ankafunsa mtengo wosulitsa china ku Tete. Chodwala ankafunsa masiku ochikonzera. Za zaka khumi zija anati zimagwira pa buku la mu ofesi, koma pepala langa linkanena za mtengo wa chinthu pa tsiku la moto, ndipo pa tsiku la moto motolo ankagaya. Wa kampani anati zimenezo akazinena ku Tete. Mkuluyo anati, "Mukanene, khutu ili silimva."

Sizonse zinandikomera. Matumba a chimanga a amayi asanu amene anapsera m'katimo anawachotsa, akuti sanali anga. Amayiwo anali pomwepo, anandiyang'ana ine. Ndalama zimene ndikanagaya miyezi yonseyo anazichotsanso, akuti bambo sanalipirire zimenezo. Mafuta anali a boma. Sikelo anaiwala, ndinawakumbutsa.

Dzuwa litapendeka mkuluyo anayamba kufukula ndi ndodo yake pamene panali chisakasa. Kenaka anandiitana.

"Bwera, mwana wanga, undigwirire tepi kuseri kuno."

Kuseriko tepi sanaitambasule. Anatsegula dzanja. Munali kachibuma ka phula la njuchi, losungunuka n'kuumanso, losakanikirana ndi makala. Phula limene ine ndemwe ndinalilondera miyezi isanu ndi iwiri kuti tsache lisalikhudze.

"A m'tchire akowa amakonda uchi," anatero.

Analoza bwinjalo n'kupitiriza.

"Zigayo zowotchedwa ndi nkhondo ndinazionapo. Loko amathyola. Lako lili pachitseko, lokhoma. Lamba amadula kukapangira nsapato. Wako wapsera pagudumu. Ndafukula ponseponse, chipolopolo sindinachitole."

"Mukanena?"

"Kwa yani? Sanandifunse. Ife atatu anatilemba kuti tinene kuti ndi zingati, basi. Zoti chinawotcha n'chiyani, zoti alipira kapena salipira, si zathu. Tikalowa mmenemo, pepala lathu lonse limagwa."

"Ndiye mukasayina andilipira."

Iye anafunsa, "Kuseri kwa pepala la bambo ako unawerengako?"

Ndinali nditayesapo kamodzi. Tizilembo take tinali ngati mazira a nsabwe, ndipo Chipwitikizi chake sichinali cha kalasi yachisanu ndi chiwiri. Ndinalitulutsa m'thumba. Anayendetsa chala mpaka pamzere wina n'kundimasulira pang'onopang'ono.

"Moto wa mphezi amalipira. Moto wa ngozi amalipira. Moto wa chitsiru amalipira. Moto wa nkhondo salipira. Ndipo kalata yonena kuti ndi nkhondo ili m'manja mwawo, yolemba iwe, ya kalimbo."

Chinandituluka pakamwa ndi funso. "Ngati akudziwa, atumiziranji anthu atatu kudzawerenga malata?"

"Meza yoyeza ndi ina, meza yolipira ndi ina. Zimakumana kumapeto. Kalata yokukana ikadzafika, udzakhala ndi masiku makumi atatu otsutsa. Ukalemba zoona, sekeletalyo n'kudinda, ine ndidzachitira umboni za phulali. Koma dziwa ziwiri. Kampani ikakulipira imafunsa dzina la chitsirucho, kuti ikabweze zake. Ndipo pepala la kalimbo silipita kumodzi." Anandiika phulalo m'dzanja. "Dzina sindikufuna kulimva. Ndili ndi khutu limodzi, ndikulisunga."

Tinabwerera kumeza. Mkuluyo analemba nambala yake, mekaniko anasayina pansi pake. Wa kampani anakana kusayina, koma awiri anali atakwana. Nambalayo inali yokwanira kudzutsa chigayo, n'kulemba munthu woti azichiyendetsa ine ndibwerere ku Tete. Anthu analuluta. Amalume ndiwo analuluta kuposa onse.

Madzulo ake ndinaika phula pamphasa pamaso pa amayi n'kuwafotokozera zonse, mokuwa.

"Chigayo ndi chitsulo," anatero.

"Chitsulo chimene bambo anagulitsira ng'ombe zisanu ndi imodzi."

"Bambo ako pano anali mkamwini. Amalume ako ndi magazi."

"Magazi amenewo andiphunzitsa?"

"Ukawanena, maliro awo udzalira wekha. Ine sindidzakuthandiza."

Kalata yokana inafika patatha mwezi ndi theka. Inanena ndendende zimene mkulu uja ananena, m'mizere inayi. Ndinayamba kuwerenga masiku. Tsiku lachisanu ndinagula pepala la selo, la chizindikiro cha boma, n'kulemba zoona: njuchi, muuni, beseni, dzina la amalume. Linatuluka lalifupi kuposa la bodza lija. Ndinalisunga m'buku la masamu. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Pa tsiku la makumi awiri ndi zitatu ndinamva kuti koluna inyamuka ku Fingoe mkuja, ndipo ikapita imeneyo kulibe ina yofika nthawi yake. Ndinavala malaya n'kupita kwa sekeletalyo.

Anawerenga kawiri. Ulendo uno anandiyang'ana.

"Ukudziwa chimene chichitike ndikadinda?"

"Andilipira."

"Mwina. Koma lina lipita kuboma, ndi lamulo, sindingabise. Ayamba ndi amalume ako. Kenaka adzafunsa amene analemba za anthu anayi a zipewa. Kenaka adzafunsa amene anadinda akudziwa. Iwe mwina adzakukhululukira, ndiwe mwana. Ine ndidzadziteteza ndekha. Sipayo uja alibe chodzitetezera."

"Ndi ufulu wanga, kamarada sekeletalyo."

"Ndi wako ndithu. Sindikukukaniza." Anatulutsa kalimbo m'thumba n'kukaika pameza. "Ine m'mimba mwandivuta kuyambira dzulo. Ndikatuluka ndichedwako. Kalimbo ndi ako, dzanja uli nalo."

Anatuluka n'kutseka chitseko.

Ndinali ndisanakagwirepo kalimbo. Ndinkayesa n'kolemera. Kanali kathabwa kopepuka, kogwirira kotha ndi thukuta, pansi pake mphira wong'aluka pakona, zilembo zoyang'ana chammbuyo. Ndinakatembenuza n'kuyesa kuwerenga. Ndinadabwa kuti kanthu kochepa chonchi, koti mwana angaseweretse, n'kamene kamasandutsa mawu a munthu kukhala zoona. Ndinakauzira mpweya monga ankachitira mwini wake. Ndinayala pepala bwinobwino.

Ndiye ndinayang'ana pazenera. Amalume anali atakhala pamwala kutsogolo kwa ofesi. Anali atanditsatira. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, pambali pawo pali bulangete lokulunga lomangidwa ndi luzi, ndi kapu yachitini. Sankayang'ana kuofesi. Ankachotsa chisoso pa buluku, chimodzichimodzi.

Sindinena kuti ndinawamvera chisoni. Ndinanyansidwa. Munthu wawotcha chigayo chako, ndiye wabwera wamanga kale bulangete kuti ntchito yonse yomupha itsale m'manja mwako. Ndinaimirira pamenepo kalimbo kali m'dzanja mpaka mpweya uja unauma. Ndinauziranso. Unaumanso.

Ndinakaika pameza, ndinapinda pepala n'kutuluka.

"Wamaliza?" anafunsa amalume. "Ndatenga bulangete. Akuti kumene amapititsa anthuko kumazizira."

"Pitani kunyumba."

"Sindikukudandaula, iwe mwana. Ndinalakwa ndine."

"Ndati pitani kunyumba. Mukundinyansa."

Ananyamula bulangete lawo n'kutsogola. Ine ndinadzera njira ina. Koluna inanyamuka tsiku lake popanda kalata yanga.

Chaka chotsatira nkhondo yeniyeni inafika. Inawotcha loja, nkhokwe, ofesi ya sekeletalyo ndi meza yake yomwe. Amayi ndi amalume anawolokera ku Zambia pamodzi ndi mudzi wonse. Asananyamuke amayi anandiuza kuti waona, chikanapsabe. Ndinawayankha kuti chikanapsa ine nditalandira kale zanga. Sitinatsanzikane bwino. Ine ndinatsikira ku Tete, kumene ndimasenza matumba a anthu pamsika, pafupi ndi shikola imene ndinasiya.

Ku ofesi ya seguro ndinapitako kamodzi, ndi pepala la apelito. Kalaliki analiwerenga n'kunena kuti nambalayo ndi yoona, yomanga, palibe angaisinthe, ngakhale iwo eni. Ndinafunsa kuti nanga ndilandira liti. Anati sindilandira. Ndinafunsa kuti zingatheke bwanji kuti nambala ikhale yoona koma yopanda woilipira. Anati zimatheka kwambiri, ndipo kumbuyo kwanga kuli anthu ena pamzere.

Woyenera kundipatsa sindimudziwa. Kampani ili ndi kalata ya dzanja langa. Amalume ali ndi bulangete limodzi. Amayi amati alibe nane mlandu. Koma anthu awiri mwa atatu anasayina, ndipo sindinalandirepo ngakhale metikali imodzi: makonto mazana atatu ndi khumi ndi awiri.